Khirisimasi ya Pansi pa Thiraki

Sendera kuno, mdzukulu wanga, foniyo uyambe waiika m'thumba. Amayi ako andiuza kuti bwana uja wavomera, ndipo Lolemba ukwera thiraki ngati wothandiza dalaivala: ku Beira kukatenga feteleza, mukatsitsa ku Kanengo mutembenukenso ulendo wa ku Johannesburg. Akuti ubwera mu Januwale zinthu zikayenda bwino. Ndaseka nditamva mawu akuti "zikayenda bwino," chifukwa ndi omwewo amene ndinkawasiyira agogo akowa pakhomo pano chaka ndi chaka, iwo n'kumapha nkhuku ya Khirisimasi ine kulibe. Uwafunse. Pa zaka 26 zimene ndinagwira chiwongolero, Makhirisimasi amene ndinadyera pakhomo akhoza kuwawerenga ndi zala za dzanja limodzi.

Iwe ukuganiza kuti ukupita kukaona dziko. Ulionadi: mutulukira pa Dedza, mutsikira ku Moatize kwa malasha, Tete, Changara, Catandica, Chimoio, Inchope, kenako nyanja yamchere. Pa mapu ndi masiku awiri basi. Koma chimene udzachione kwambiri ndi kumbuyo kwa thiraki ya mnzako itaima, inunso mutaima. Pa ulendo wautali masiku oyenda amachepa, ochuluka ndi odikira. Mudikira mapepala pachipata, mudikira katundu kudoko, mudikira tayala lochokera kwa bwana, ndipo nyengo ino mudikiranso kuti olemba m'maofesi abwereko kutchuthi. Za magiya akuphunzitsa adalaivala ako. Ine usiku uno ndikuuza za mmene munthu amakhalira m'nyumba ya matayala.

Nyumba yanga yoyamba yotero inali ngolo ya malume anga. Ndili mnyamata tinkapakira mtedza ndi mbatata kuno, kuwoloka msewu waukulu cha ku Nathenje, n'kulunjika kumsika wa Mitundu, phiri la Bunda lili patsogolo pathu tsiku lonse ngati silikuyandikira. Ng'ombe sizithamangitsidwa, ndiye tinkagona panjira, pansi pa ngolo pomwepo. Malume anali ndi lamulo limodzi. Tikaima, ndimasule ng'ombe pagoli, ndikazimwetse, ndizione ziboda ndi pakhosi ngati goli lazisupula, ndipo pokhapo ndikumbukire mimba yanga. Tsiku lina ndinayamba ndi kukazinga chimanga ng'ombe zili chimangire. Khofi limene ndinalandira ndimalimvabe khutu ili kukazizira. Thiraki nayo ndi ng'ombe. Mukaima paliponse, usanafunse kumene akukazinga tchipisi, zungulira galimoto yonse. Gogoda matayala ndi hamala umve ngati lina likulira mosiyana ndi anzake, koka zingwe za lona, suzumira pansi ngati pakudontha mafuta. Feteleza akalowa madzi amauma gwa ngati mwala, ndipo mvula ya Disembala siodira.

Kuyenda kotere sikunayambe ndi ife. Bambo anga anapita ku Salisbury, kumene lero mukuti Harare, wapansi. Ankanyamuka gulu, amuna a midzi yoyandikana, kudzera ku Dedza, kutsikira m'dziko la Apwitikizi, kuwoloka Zambezi ku Tete, mpaka kukatulukira ku Mtoko, milungu ingapo ali m'njira. Ankasimba kuti pagulupo aliyense anali ndi chake chosenza, wina mphika, wina ufa, wina nkhwangwa, ndipo wotsalira m'mbuyo chifukwa cha matuza ankapeza moto utayaka kale. Anthu a kuno anachuluka kumeneko moti mu 1912 mbusa T.C.B. Vlok, yemwe uja anayambitsa nawo mishoni ya Nkhoma mu 1896, anawatsatira kukawasonkhanitsa m'mapemphero. Ena anabwerako ndi njinga ndi makina osokera. Ena sanabwereko, tinawatcha matchona. Bambo ankati mtchona sachita kudzuka tsiku limodzi n'kunena kuti kwathu sindibwereranso. Amangoti "chaka chamawa," Khirisimasi imodzi n'kudutsa, ina n'kudutsa, mpaka manyazi amutsekera njira.

Ife a m'ma 1980 tinayenda m'nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Njanji za ku Beira ndi ku Nacala zitaonongeka, katundu wa dziko lino anatsalira pamsana pa mathiraki, ndipo njira yachidule inali ya ku Tete. Wekha sunkadutsako. Magalimoto ankasonkhana pa Nyamapanda, m'malire a Zimbabwe, kapena pa Zobue tikachokera ku Mwanza, n'kuyenda pamdipiti umodzi moperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe. Makilomita ake sakwana 300, koma pofika kutsidya malovu anali atauma m'kamwa. M'mbali mwa msewu munali zigoba za magalimoto owotchedwa, ndipo aliyense ankapemphera kuti yake isafe pamenepo. Njirayo ikavuta tinkazungulira ku Mchinji, Chipata, Lusaka ndi Chirundu, ulendo wotalika mowirikiza. Nkhondo inatha ndi pangano la mu Okutobala 1992, ndipo iwe ukawoloka Zambezi pamlatho wa Kassuende umene anatsegula mu 2014, osamva kulira kwa mfuti ngakhale imodzi. Koma tamvera ichi. Mwa anzanga amene ndinayenda nawo pamdipiti uja, zipolopolo zinatenga ochepa. Ambiri anatengedwa ndi zimene ankachita masiku odikira mdipitiwo.

Chaka china Khirisimasi inatipeza titaima pamalire, mdipiti utanyamuka dzulo lake ife mapepala asanatuluke. Kunatentha moti phula linkamata kunsapato. M'mawa wa pa 25 anthu anadzuka ali duu, aliyense nkhope italoza kumene kuli kwawo. Panali mdala wina wa ku Mvera, mkulu wa mpingo, woyendetsa thanki ya mafuta. Iyeyo anatulutsa shati yoyera imene ankaigoneka pansi pa matiresi kuti isakwinyike, anasamba ndi madzi a m'chigubu kuseri kwa galimoto yake, anapesa, n'kuyamba kuzungulira mathiraki chipewa chili m'manja. Uyu anaponya ndalama, uyu kapu ya mpunga, uyu anyezi awiri, Mzambia wina mafuta ophikira otsalira pansi pa botolo. Tinagula nkhuku ziwiri zowonda kumudzi wapafupi, tinayala lona pansi pa thiraki yanga, mbaula zitatu tinazikoleza kutali ndi thanki ija. Mdalayo anawerenga Luka 2, ndipo tinaimba nyimbo za kubadwa zimene tinazidziwira ku Sande sukulu, ena m'Chichewa ena m'Chishona, maimbidwe ake amodzimodzi. Pogawa ndiwo ine ndinagweredwa ndi khosi ndi phazi. Nkhuku yokoma choncho sindinaidyenso. Madzulo ena anapitabe kumabala, koma ambiri tinagona titakhuta, ndalama zili m'thumba.

Chaka chotsatira mdala uja kunalibe, ndipo ine ndinadziyesa wamkulu. Tinaima masiku 9 padoko lina kudikira katundu. Tsiku loyamba ndinati botolo limodzi lotsitsira fumbi kukhosi. Pofika lachitatu ndinali ndi anzanga atsopano ondiitana ndi mfunda wanga, amene sindinawaonenso ndalama zitatha. Alawansi ya ulendo wonse inatha Nyuwere isanafike, wotchi ndinagulitsa, ndipo pobwerera ndinkadyera m'mbale ya wothandiza wanga, mnyamata wamsinkhu wakowu. Ndinatsika pa Kamphata mu Januwale ndi chikwama cha zovala zakuda basi. Agogo akowa sananene kanthu. Anandipatsa madzi osamba, m'mawa mwake n'kunditengera kumunda. Chimanga chinali chachikasu, cholekeza m'mawondo, udzu utachipitirira, chifukwa ndalama ya aganyu ndi ya feteleza wobereketsa inali ija ndinamwera. Amayi ako anali ndi zaka 6. Chaka chimenecho anaidziwa nsima ya gaga. Ndikamanena za masiku odikira, m'maso mwanga mumabwera munda umenewo.

Mankhwala ake ndi osavuta kunena. Tsiku loima ulipatse ntchito ngati uli pakhomo. Dzuka nthawi imene umadzukira kuno, sesa m'galimoto, kuntha mabulangete, chapa n'kuyanika pachingwe pakati pa thiraki yanu ndi yoyandikana nayo. Munthu akayamba kugona ndi zovala zimene waswera nazo, ndiye kuti wayamba kutayika. Wina akamasula injini kapena akamasintha tayala pafupi, pita ukamugwirire sipanala. Umakaniko umene ndili nawo ndinauphunzira pamizere, sindinaulipirire sukulu. Bawo imakumbika pansi paliponse, miyala ili mbwee, bola pasakhale ndalama pakati.

Ndipo phika. Chakudya cha m'malesitilanti a pamalire chimadya munthu kuposa mmene iye amachidyera. Tenga ufa wa kuno wokwanira, nyemba, usipa wouma, nsinjiro, mfutso wa agogo akowa, poto ziwiri, mthiko ndi chipande. Zimene sizidutsa pazipata zina adalaivala ako akuuza. Nyemba uziviika m'chigubu m'mawa mukamanyamuka, pofika madzulo zafewa ndipo sizikuthera makala. Tomato ndi mango nyengo ino ali paliponse m'mbali mwa msewu. Bowa yekha ugule amene umamudziwa kuyambira kwanu. Wachilendo umusiye ngakhale atamutsitsa mtengo bwanji.

Madzi ndimawaopa kuposa akuba. Pamene paima mathiraki mazana zimbudzi zimachepa, ndipo mvula ikagwa zonse zimasakanikirana. Sunaiwale kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za ku Lilongwe ndi ku Blantyre zinachedwa kutsegulira mu Januwale. Zigubu zikhale ziwiri zosiyana mtundu, china chakumwa china chosamba, kuti ngakhale mumdima usasokoneze. Chakumwacho uzithira WaterGuard, ndipo mapaketi a Thanzi asasowe m'chikwama. Ku Tete miyezi ino kutentha kumapitirira madigiri 40, ndiye imwa usanamve ludzu. Mu Disembala 2020, pamene ankayeza covid pa Beitbridge, mzere wa magalimoto unatalika makilomita ambiri, anthu anatha masiku ali padzuwa, ndipo ena, madalaivala omwe, anafera pamzere pomwepo.

Kabedi ka kuseri kwa mipando ndi ka adalaivala. Iwe ugona pampando kapena panja. Neti usaiiwale, udzudzu wa ku Zambezi ndi ku Beira si wa kuno kumapiri, ndipo ukamva kuphwanya m'thupi kayezetse, usadzigulire mapilitsi pagolosale. Ukagona pansi pa thiraki uwauze adalaivala ndi pakamwa pako, usangoganiza kuti akuona. Mzere umasuntha usiku, munthu amalizitsa galimoto tulo tili m'maso, ndipo alipo anyamata amene anapondedwa ndi thiraki yawo yomwe. Mbaula isalowe m'galimoto ngakhale mvula itavuta chotani. Mpweya wa makala suoneka ndipo sununkha, munthu amangogona osadzukanso.

Adalaivala akowo uziwapatsa ulemu wawo ngakhale mutazolowerana. Mukhala awiri m'kachipinda kochepa kuposa khitchini ya amayi ako kwa milungu isanu kapena kuposa, ndiye mudzatopetsana ndithu. Nyimbo zawo zidzakukwana, kutsokomola kwawo kudzakunyansa, ndipo tsiku lina adzakukalipira chifukwa cha sipanala imene aisowetsa okha. Meza. Zimene wamva akulankhula pafoni ndi akunyumba kwawo zithere m'galimoto momwemo. Paulendo timasiya phazi, mlomo timabwera nawo. Koma pali pamene kukhala chete ndi kupha. Ukaona mutu wawo ukugwa, maso akuphethira mochedwa, galimoto ikudya mzere wapakati, yamba nkhani, pempha kuti muime ukataye madzi ngakhale ulibe mkodzo. Msewu wa Disembala ndi wodzaza: mabasi ochokera ku Johannesburg atasenza katundu wa Khirisimasi, a kabaza, oledzera oyenda pakati pa phula, ndi ngolo zopanda nyali zimene iwe ukuzidziwa bwino pakati pa Nathenje ndi Kamphata. Thiraki yodzaza imatenga mtunda kuti iime, siimva mabuleki ngati njinga.

Kwina kosakhalira chete ndi pa dizilo ndi katundu wa eni. Usiku adzabwera anyamata ndi zigubu ndi paipi, mtengo wabwino, ati bwana sadziwa. Adzabweranso ena ndi kachikwama kotseka koti mukapereke kwa m'bale wawo kutsidya, kapena ndi munthu wopanda pasipoti woti mumubise kuseri kwa mipando. Kana. Adalaivala akavomera, dzanja lako lisakhudzeko. Kundende ya kudziko la eni kulibe wokubweretsera nsima.

Tsopano ndinene zimene amayi ako sangakuuze, pajatu ine ndi iwe timalimbirana mkazi mmodzi, nkhalamba ili m'khitchiniyi. Pamalo oima mathiraki, usiku kumabwera kugogoda pachitseko. Amayi amenewo sindiwanyoza, ambiri ndi njala yawatuma. Koma ine m'zaka za m'ma 1990 ndinaika anzanga m'manda mpaka ndinasiya kuwerenga, akazi awo n'kuwatsatira patangopita chaka kapena ziwiri. Nthawi imeneyo ma ARV aulere anali asanayambe, anayamba mu 2004. Lero mankhwala alipo, inde, koma mkazi wako uja ndi khanda lili kumsana kwake sanalakwe kanthu. Ine ndikupempha kudziletsa. Ukadziwa kuti mtima wako ndi wofooka, Chishango sichilemera m'thumba, ndipo ukabwerako mukayezetse limodzi kuchipatala cha Nkhoma musanayambe zina. Usandiyang'ane choncho, nanenso ndinakhalapo mnyamata.

Ndalama uzigawe usananyamuke. Ya aganyu opalira ndi kubandira uisiye m'manja mwa mkazi wako Lamlungu lino, pamodzi ndi ya mpunga, nkhuku ndi kadiresi ka mwana. Ife tinkatumiza kalata ndi dalaivala wobwerera, nthawi zina n'kufika ife titafika kale. Inu muli ndi Airtel Money, Mpamba ndi WhatsApp, ndiye chowiringula mulibe. Koma foni yomweyo ili ndi bala lake m'kati, kubetcha mpira kuja. Mnyamata ali gone pampando akhoza kumwera alawansi yonse botolo asanaligwire n'komwe. Osintha ndalama a pamalire zala zawo zimathamanga kuposa maso ako, ndiye zawo uwerenge wekha kawiri, zako uzitulutse pomaliza. Pasipoti igone pathupi pako, ndipo mapepala onse uwajambule pafoni. Chilankhulo chisakuopse: ku Angonia amalankhula Chichewa chathu chomwechi, ndipo Chinyungwe cha ku Tete chimamveka ukatchera khutu. Moni ndi zikomo wa Chipwitikizi uphunzire, amafewetsa nkhope zambiri. Wa yunifomu akakuimitsani, vula chipewa, lonjera, kenako tseka pakamwa, olankhula ndi adalaivala.

Pa 25 paja, kulikonse kumene mudzakhale, kaya ndi pa Inchope kaya pamzere wa ku Beitbridge, udzadzuke, usambe, uvale shati yoyera. Foni uimbe kuno m'mamawa tisanapite kutchalitchi, masana sitimva, timakhala tili kumpunga. Kenako uzungulire mathiraki anzako. Udzapeza wa ku Dowa, wa ku Chipata, wa ku Mutare, aliyense ali duu kudikira woyambitsa. Mbaula yanga ija ili kuseri kwa nkhokwe, chogwirira chimodzi chinathyoka koma umange ndi waya. Chipewa ndikupatsa changachi. Mawa ulawirire kuchigayo magetsi asanazime, ndipo ufawo uuyanike uume bwino usanauthire m'thumba; wonyowa umachita nkhungu musanafike n'komwe ku Tete.